Zodabwitsa 12 za mawu ankhondo a Chingerezi, kwa ophunzira a ku Molumbo

Mwana wa ku Molumbo amalowa m'kalasi ya Chingerezi akudziderera. Amati chinenerochi n'cha asuweni ake a ku Phalombe ndi ku Mulanje, amene amayamba kuchimva ali ku sitandade 1, pamene iye wakulira m'Chichewa cha pakhomo, Chilomwe cha kumsika ndi Chipwitikizi cha kusukulu. Pa mitu ina akunena zoona. Koma ikafika nkhani ya nkhondo, zida ndi asilikali, msuweni uja ndiye ayenera kubwereka kope. Mawu ambiri a mutu umenewu mwana wa ku Zambezia ali nawo kale m'kamwa. Ena agogo ake anawamva akufuulidwa m'minda mwawo momwemo. Ochepa amene amamugwetsa pamayeso amamugwetsa chifukwa chofanana kwambiri ndi amene akuwadziwa.

1. Kalata imodzi yoopseza ndiyo inagawa zinenero pamalire

Cha kumapeto kwa 1889, Mpwitikizi wina wotchedwa Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire. Angerezi, amene anali kale ndi amishoni awo ku Blantyre, sanakondwe. Pa 11 January 1890 boma la Britain linauza Portugal kuti ichotse asilikali ake m'deralo msangamsanga, apo ayi ubale utha. Portugal inagonja, ndipo pa 11 June 1891 mayiko awiriwa anasainirana pangano lolemba malire amene tili nawo lero, otsata mtsinje wa Ruo n'kudzera kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Anthu a mbumba imodzi anangodzuka ena ali a Angerezi, ena a Apwitikizi. Chenjezo lomaliza lotere m'Chingerezi ndi "ultimatum", m'Chipwitikizi "ultimato". Ku Lisbon linawawa kwambiri moti nyimbo imene lero ndi ya fuko la Portugal inapekedwa mu 1890 momwemo, anthu akali ndi ukali. Choncho ngati mukufuna liwu loyambira, yambani ndi limeneli, chifukwa ndilo linachititsa kuti inu mudziwe "guerra" musanadziwe "war".

2. "War" ndi "guerra" ndi ana a mayi mmodzi

Onsewa anachokera ku liwu lakale la mitundu ya Chijeremani lotanthauza chisokonezo. Linalowa m'Chifalansa, m'Chisipanishi ndi m'Chipwitikizi, kenako linawoloka nyanja kupita ku England pambuyo pa 1066, chaka chimene William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pankhondo ya ku Hastings. Kwa zaka mazana angapo olamulira a dzikolo ankalankhula Chifalansa, ndipo poti asilikali ndi a wolamulira, mawu ankhondo anatengera komweko. N'chifukwa chake "battle" ndi "batalha", "enemy" ndi "inimigo", "victory" ndi "vitória", "attack" ndi "ataque", "sergeant" ndi "sargento", "soldier" ndi "soldado" amayenda awiriawiri. Awiri omalizawa ali ndi ndalama mkati: anachokera ku dzina la kobiri yagolide ya Aroma, solidus, kutanthauza kuti msilikali ndi munthu womenya nkhondo polipidwa. "Captain" ndi "capitão" ife tinawalandira kalekale n'kuwapatsa ntchito ina. Kapitawo wa kumunda wa tiyi ku Mulanje kapena ku Gurue sanagwirepo mfuti, koma dzina lake ndi lomwelo.

Amene safanana ndi Chipwitikizi ndi mawu a zinthu zimene munthu wamba ankagwira m'manja: "sword" lupanga, "spear" mkondo, "bow" uta, "arrow" muvi, "shield" chishango. Amenewa ndi Chingerezi cha m'mudzi, chimene chinalipo William asanabwere. Palibe chidule, ongofunika kuloweza.

3. Mpwitikizi amalemba zimene Mngerezi amatchula

Udindo wa "colonel" umalembedwa ndi l, koma Angerezi amautchula ngati kuti "keno", ndipo anthu a ku America mumamva r pakati. Chifukwa chake n'chakuti m'zaka za m'ma 1500 liwuli linalowa m'Chingerezi ngati "coronel", ndendende mmene mumalembera kusukulu kwanu. Pambuyo pake ophunzira analikonza kuti lifanane ndi la Chitaliyana, koma pakamwa pa anthu panakana kusintha. "Lieutenant" nayenso ndi wovuta: ku Britain amati "lefutenanti", ku America "lutenanti". Ndipo chenjerani ndi "corps", gulu lalikulu la asilikali. Zilembo ziwiri zomalizazo sizitchulidwa. Mukazitchula mwanena "corpse", umene ndi mtembo.

4. Baraka ya pamsika si nyumba ya asilikali

Apa m'pamene kufanana kumapweteka. Aliyense ku Molumbo akudziwa "barraca", kanyumba kogulitsiramo sopo, shuga ndi chakumwa. Liwu la Chingerezi "barracks" linachokera ku muzu womwewo, chifukwa asilikali akale ankagona m'misasa yomanga mwachangu. Koma lero "barracks" ndi malo okhala asilikali, monga Cobbe Barracks ya ku Zomba, amene m'Chipwitikizi ndi "quartel". Wophunzira wolemba kuti amayi ake amagulitsa mandasi ku "barracks" wawalowetsa usilikali osadziwa.

Chimodzimodzi "army". Amaoneka ngati "armada", ndipo ndi apachibale ndithu, koma "armada" ndi gulu la zombo zankhondo, pamene "army" ndi asilikali apamtunda, "exército". Apanyanja Angerezi amawatcha "navy".

Wondisangalatsa ine ndi "magazine". Anachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza nyumba zosungiramo katundu, ndipo Apwitikizi analitenga komweko n'kupanga "armazém", kumene amalonda amaunjika matumba a chimanga, soya ndi nandolo. M'Chingerezi linayamba kutanthauza mosungira onga ndi zida, kenako kabokosi ka zipolopolo kolowetsa kumfuti. Mu 1731 munthu wina ku London anatcha choncho kabuku kake kotuluka mwezi ndi mwezi, poti kanali nkhokwe ya nkhani. Magazini imene mumawerenga ndi imene msilikali amamangirira m'chiuno ndi liwu limodzi.

5. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika pakhomo panu

Mabuku ambiri a Chingerezi amaiika nkhondo ya 1914 mpaka 1918 m'maenje a ku France ndi Belgium, ngati kuti kuno kunali phee. Ayi. Pa 25 November 1917 mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa mu Mozambique. Analibe kolandira chakudya kapena zipolopolo, choncho ankadalira kulanda. Anatsika mpaka ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane, kumene kumayambiriro kwa July 1918 anagonjetsa Apwitikizi ndi Angerezi n'kutenga mfuti zatsopano. Kenako anatembenukira kumpoto, ndipo pa 30 August 1918 anafika ku Lioma.

Lioma yomweyi ya m'boma la Gurue, kumene lero kumatchuka ndi soya. Kumeneko Angerezi anali ndi nkhokwe ya katundu, yolonderedwa ndi asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Iwo anali atakumba maenje n'kubisalamo. Ajeremani anawaukira osatha kuwazula, ndipo m'mawa mwake kutabwera asilikali ena odzathandiza, Lettow-Vorbeck anapulumuka chapafupi, atataya anthu ambiri ndi zipolopolo zambiri. Mbali zonse ziwiri akuluakulu anali Azungu, koma owombera ndi owomberedwa ochuluka anali anthu akuda.

Nkhani imodziyi ikhoza kukuphunzitsani mawu okwana tsamba lonse. Asilikali olondera malo ndi "garrison". Maenje aja ndi "trenches". Odzathandiza ndi "reinforcements". Zimene anachita Ajeremani pochoka ndi "retreat", kubwerera m'mbuyo zida zili m'manja, osati "surrender", kumene ndi kukweza manja n'kupereka zida. Akhristu amamudziwa "retreat" ngati m'bindikiro wa mapemphero. Chipwitikizi chimasiyanitsa, "retirada" kunkhondo, "retiro" kutchalitchi, koma Chingerezi chinangophatikiza.

Ndipo pali liwu limene mabuku amalidumpha: "carrier", wamtengatenga. Ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondoyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda. Msika wotchuka wa Kariakoo ku Dar es Salaam dzina lake ndi "Carrier Corps" yotchulidwa m'kamwa mwa Aswahili.

6. Chiwaya cha zipolopolo ndi chiwaya cha tchipisi

Akuluakulu a ku Malawi ankaitcha nkhondo imeneyi Nkhondo ya Chiwaya, ndipo wolemba mbiri Melvin Page anatcha buku lake dzina lomweli. Chiwaya inali mfuti yolavula zipolopolo mosadukiza, "machine gun". Lero mnyamata akati akupita pachiwaya ndiye kuti akukadya tchipisi ndi kanyenya.

Asilikali obwerako anabwera ndi mawu ena. KAR, chidule cha King's African Rifles, anasanduka Keyala, "parade" perete, "medal" mendulo, "sergeant" sajeni. Gule wa beni dzina lake ndi "band", ndipo amavina motsanzira perete, monganso malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda. Chodabwitsa n'chakuti kuphunzira sikunali mbali imodzi. M'magulu a Keyala a ku Nyasaland chinenero cha tsiku ndi tsiku chinali Chinyanja, ndipo Mngerezi wofuna kutsogolera asilikaliwo ankayenera kuchiphunzira. Alomwe ambiri ochokera mbali ino ya malire analowa nawo usilikaliwo.

7. Chingerezi nacho chinabwereka kwa ife ndi kwa Apwitikizi

Mu dikishonale ya Chingerezi muli "assegai", nthungo, yochokera ku "azagaia" ya Apwitikizi, amenenso anaitenga kwa Aarabu ndi anthu a kumpoto kwa Africa. Akuluakulu a ku Zambezia safunika dikishonale pa liwu limeneli. Akukumbukira a Naparama, gulu la Manuel António, limene cha m'ma 1990 linkathamangira mfuti za Renamo litanyamula nthungo ndi zikwanje, likukhulupirira kuti mphini zimene anatemera zibweza zipolopolo. Mtsogoleriyo anaphedwa mu December 1991.

"Commando" analowa kudzera kwa Mabunu pankhondo yawo ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902. "Sepoy", msilikali wa ku India wotumikira Azungu, ndi "cipaio" yemwe uja ankatolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo nthawi ya atsamunda. "Boma" alimonso. Mudzamva ena akunena motsimikiza kuti ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Musawakhulupirire. Aswahili ankatcha linga kuti boma Angerezi asanayambe kulamulira kuno, ndipo poti maofesi oyamba a atsamunda anali m'malinga, onga Fort Lister imene inamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese, dzina la mpanda linasanduka dzina la ulamuliro.

8. "Tank" linali bodza

Angerezi popanga akasinja awo oyamba mu 1915 sanafune kuti adani adziwe, choncho ankanena kuti akupanga matanki a madzi. Akasinjawo analowa kunkhondo pa 15 September 1916 ku Somme, ndipo dzina labodzalo linakakamira. "Shrapnel", tizitsulo touluka bomba likaphulika, ndi dzina la msilikali wa ku Britain, Henry Shrapnel. "Bazooka" chinali chitoliro choimbira cha wanthabwala wina wa ku America, Bob Burns. Koma mfuti ili pa mbendera ya Mozambique pamodzi ndi khasu ndi buku, AK-47, musaifunefune m'Chingerezi. Zilembozo n'za Chirasha: A ndi mfuti yodziwombera yokha, K ndi Kalashnikov amene anaipanga, 47 ndi chaka cha 1947.

9. Mgodi ndi bomba lokwirira n'chifukwa chiyani zili ndi dzina limodzi

"Mine" amatanthauza zinthu zitatu: changa, mgodi, ndi bomba lokwirira pansi. Loyambalo ndi liwu lina, langofanana kalembedwe. Koma awiri enawo ndi amodzi, monga "mina" m'Chipwitikizi. Kale ofuna kugwetsa linga la adani ankakumba ngalande pansi pa khoma, n'kuikamo nkhuni zoyaka, ndipo pambuyo pake onga. Dzenje linapereka dzina kwa chophulikacho. Verebu yakuti "undermine", kufooketsa munthu mwakabisira, inachokera komweko.

Kwa anthu a m'malire muno ili si liwu la m'buku. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, mabomba anatsala m'njira, m'milatho ndi m'minda, ndipo zikwangwani zofiira zokhala ndi chigaza, zolembedwa kuti Perigo Minas, zinali zoyamba kuwerenga ana ena. Bungwe la HALO Trust, limene linagwira ntchito m'Zambezia muno ndi m'zigawo zina, linati linazula mabomba oposa 171,000 m'dziko lonse. Bungwe la APOPO linagwiritsa ntchito makoswe akuluakulu ophunzitsidwa kununkhiza onga, opepuka moti sangaphulitse bomba. Pa 17 September 2015 boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba imene inkadziwika yayeretsedwa.

10. "Casualties" si akufa okhaokha

Ili ndilo limalakwitsa anthu ambiri, ngakhale otanthauzira nkhani pa wailesi. "Casualty" ndi msilikali aliyense amene sangathenso kumenya: wophedwa, wovulala, wogwidwa kapena wosowa. Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, Angerezi anali ndi "casualties" 57,470, koma omwalira anali 19,240. Wotanthauzira wosasamala aika m'manda anthu 38,000 amoyo. N'chifukwa chakenso chipinda cholandirira ovulala kuchipatala amachitcha dzina lomweli.

Mawu ena amalembedwa dala kuti magazi asaoneke. "Collateral damage" ndi anthu wamba ophedwa pamene owombera amati amalinga kwina. "Friendly fire" ndi kuwomberedwa ndi anzako. Enanso amaulula mbali imene wolemba waima. Munthu mmodzi yemweyo nyuzipepala ina imutcha "rebel", ina "insurgent", ina "terrorist", ina "freedom fighter". Ife tikati zigawenga taweruza kale. M'zaka za nkhondo boma la Frelimo linkatcha a Renamo "bandidos armados", anthu m'midzi ankati Matsanga, potengera dzina la André Matsangaissa amene anaphedwa ku Gorongosa mu 1979. Mu 1994 gulu lomwelo linali chipani pa pepala lovotera, ndipo m'Zambezia linapeza mavoti ambiri kuposa Frelimo. Mukamawerenga nkhani za ku Cabo Delgado m'Chingerezi, yang'anani liwu limene wolemba wasankha musanayang'ane chiwerengero.

11. Kusiya kuwombera si mtendere

"Truce" ndi kupuma pang'ono, mwina kuti mutole ovulala. "Ceasefire" ndi lamulo loti mfuti zikhale chete. "Armistice" ndi mgwirizano woimitsa kumenyana konse podikira zokambirana, ndipo "peace treaty" ndiye pangano lothetsa nkhondo. Pa 11 November 1918 panali "armistice", pangano la ku Versailles linadza pa 28 June 1919. Ku Korea anaimitsa kumenyana mu 1953, koma pangano la mtendere mpaka lero kulibe. Lettow-Vorbeck uja, atachoka ku Lioma, anakalowa ku Northern Rhodesia ndipo uthenga unamupeza pamtsinje wa Chambeshi patapita masiku atatu. Anakapereka zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918, chaka chathunthu chiwolokereni Rovuma.

Pangano lathu la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Nthawi imeneyo Malawi inali ikusunga Amozambiki pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri atathawa kuyambira 1986 pamene Milange inagwa m'manja mwa Renamo. Apa palinso msampha. M'Chichewa onse ndi othawa nkhondo, koma m'Chingerezi cha mabungwe "refugee" ndi yekhayo amene wawoloka malire. Mayi amene anayenda theka la tsiku kuchoka ku Molumbo kukafika kwa achimwene ake ku Phalombe anali "refugee". Mnzake amene anayenda masabata kukafika ku Mocuba anali "displaced person", "deslocado", ndipo malamulo omuteteza ndi mabungwe omuyang'anira anali ena.

12. Asilikali amene akubwerabe chaka ndi chaka

Mbozi imene inafika kuno cha m'ma 2017 n'kuyamba kudya chimanga kuchokera kumtima, Angerezi amaitcha "armyworm", poti mbozi za mtundu wake zikatha munda umodzi zimaguba pamodzi kulowera wina. Alangizi a ku Mozambique amati "lagarta do funil", potengera pamene imabisala. Achewa anaona kuguba komweko koma sanaganize za asilikali, anati ntchemberezandonda. Pa mawu onse ali m'ndandanda uno, ili ndilo mungalipeze pa botolo la mankhwala logula ku Muloza, ndipo ndi bwino kuwerenganso mzere wa pansi pake, wonena mlingo wothira m'malita 16 a madzi.